NG'OMBE YOLIMA IPHUNZITSIDWE IKALI YAING'ONO

Ku America, mu mzinda wa Fort Collins, kuli sukulu lalikuru lochedwa Colorado State University. Kumeneko anyamata ndi asungwana amaphunzira kaleredwe ka akavalo. Eni mafamu ankatumiza akavalo ao ang'ono kusukuluko, ndipo wophunzira ankapatsidwa kavalo woti amsamale kwa miyezi yambiri. Poyamba ankamzoloweza cingwe, pambuyo pace cishalo, ndipo potsiriza ankamkwera. Maphunziro akatha, akavalowo ankagulitsidwa pamsika.

Kuno kwathu akavalo ndi owerengeka, cifukwa matenda ofalitsidwa ndi kashembe ndi tizirombo tina toluma amawapha msanga. Kavalo wa mlimi wa ku Chongwe ndiye ng'ombe ndi bulu. Pa Palabana, m'boma lathu lomwe lino, m'zaka za m'ma 1990 panali maphunziro a kalimidwe ka ng'ombe, othandizidwa ndi dziko la Netherlands, ndipo alangizi a zaulimi ocokera m'zigawo zosiyanasiyana anadzaphunzira pamenepo. Nzeru yace ndi imodzimodzi ndi ya ku Fort Collins: ciweto cimaphunzira ndi cizolowezi, ndipo mkwapulo umangociphunzitsa mantha.

Sankhani ng'ombe ziwiri zofula za zaka ziwiri kapena zitatu, zolingana msinkhu ndi mphamvu. Ikakhala ina yaitali ina yaifupi, goli limapendekeka ndi kutupitsa khosi la yaifupiyo. Yambani m'mwezi wa August kapena September, kuti mvula ya November ikapeze ng'ombe zitadziwa kale nchito.

Masiku oyamba muzizipatsa madeya ndi mcere pang'ono ndi dzanja lanu, kuzisisita ndi kuziitana maina, kufikira zitaleka kukuthawani. Mukatero zimangeni cingwe ndi kuyenda nazo, mukuziphunzitsa kuima, kupita ndi kutembenuka. Mau olamulira akhale omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo onse a pabanja amene adzalima nazo awadziwe. Zikazolowera, ikani goli lopalidwa bwino, ziyende nalo popanda katundu. Pambuyo pace zikoke cipika copepuka, kenaka colemera. Pulawo ibwere potsiriza, ndipo muyambe pa nthaka yofewa, mukuphunzitsa ng'ombe ya kumanja kuyenda mumzere.

Phunziro likhale lalifupi, ora limodzi kapena awiri m'mamawa dzuwa lisanatenthe, koma lisadumphe masiku. Kawirikawiri milungu itatu kapena inai imakwanira. Ng'ombe ikagona pansi pagoli musafulumire kuimenya. Yang'anani ngati iri ndi cironda pakhosi, ngati yatopa kapena iri ndi ludzu. M'cilimwe msipu umacepa, motero zisungireni mapesi ndi masangwi a nshawa, ndipo musaleke kupita nazo kudibu cifukwa ca nkhupakupa.

Alimi ambiri amakumbukira ng'ombe zao mvula itagwa kale. Amazikakamiza pagoli ndi ndodo, zimathyola zikeyi ndi kuthawira kuthengo, ndipo pamene anzao akubzala iwo akali kuthamangitsana nazo. Cimanga cobzalidwa mocedwa sicidzaza nkhokwe. Makolo anati kuongola mtengo mpoyamba. Amene ali ndi ng'ombe zazing'ono akaonane ndi mlangizi wa zaulimi wa kwao mvula isanayandikire.