Sikani Siwotcha Mwana: Ndi Mawu Obwerera

Amene munatolako nkhuni m'munsi mwa Phiri la Dedza mukudziwa kuti ukakuwa moyang'ana thanthwe, mawu ako amakubwerera. Thanthwe likakhala patali, amachedwa kubwerera. Umu ndi momwe makina a sikani amaonera mwana m'mimba.

Mayi wina anandiuzapo ku sikelo kuti, "Anamwino, apongozi anga akuti sikani imawotcha mwana." Anakana kupimidwa. Anadzavomera mimba ili ndi miyezi 8, ndipo tinapeza mapasa, mmodzi atapingasa. Anachira bwino pa opaleshoni, koma matenda akanamuyambira kumudzi, nkhani ikanakhala ina.

Amayi anzanga, mawu ndi mafunde. Mukaponya mwala padziwe, mafunde amafalikira mpaka m'mphepete, koma tsamba loyandama limangokwera ndi kutsika pamalo pomwepo. Chimene chimayenda ndi mphamvu, osati madziwo. Belu la tchalitchi nalo likamenyedwa limanjenjemera n'kukankha mpweya woyandikana nalo, uwo n'kukankha unzake, mpaka kufika m'khutu mwanu. Mumpweya, mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. M'mnofu wa munthu, pafupifupi 1,540.

Chinthu chikamanjenjemera pang'onopang'ono, mawu ake amakhala aakulu ngati a ng'oma. Chikamafulumira, amakhala aang'ono ngati a udzudzu. Kunjenjemera kukaposa ka 20,000 pa sekondi, khutu lathu silimva kanthu. Mileme imagwiritsa ntchito mawu otere: imalira n'kumvetsera obwerera, n'chifukwa chake siwomba mitengo usiku.

Kachipangizo kamene mzamba amayendetsa pamimba kamanjenjemera ka mamiliyoni angapo pa sekondi. Mafunde ake akagunda mutu, msana kapena nsengwa, ena amabwerera. Kompyuta imawerengera nthawi imene atenga n'kujambula chithunzi: fupa limaoneka loyera, madzi amaoneka akuda. Mafuta ozizira aja timapaka pofuna kuchotsa mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizoko, chifukwa mpweya umabweza mafundewo asanalowe.

Choncho sikani si X-ray, ndipo ilibe moto. Dokotala Ian Donald wa ku Glasgow, Scotland, anafalitsa zotsatira za njirayi mu 1958, ndipo kuchokera nthawi imeneyo yathandiza amayi padziko lonse. Mu 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera apimidwe ndi sikani kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Nthawi imeneyi ndi yabwino kudziwira msinkhu wa mimba, tsiku loyembekezera kuchira, komanso ngati muli mapasa.

Yambani sikelo msanga ndipo funsani za sikani. Ngati pachipatala chanu palibe makinawa, azamba akuuzani kopita. Ndipo inu amene muli apongozi ndi anankungwi, kafotokozeni nkhaniyi ku mphakati, chifukwa mtsikana wa mimba yoyamba amamvera inu asanamvere ife.