MATABWA AKALE PA NYUMBA YATSOPANO

Ambiri a ife timamanga nyumba zathu pang'onopang'ono. Caka cino tiumba njerwa, caka camawa tigula malata, zitseko zidzabwera Mulungu akalola. Pamene banja likudikira kuti ndalama zikwane, ana akukula, ndipo amai akuphikirabe pabwalo ngakhale mvula igwe. Apa ndi pamene matabwa akale angathandize: kumangira khichini, kutseka mbali ya khonde, kapena kuphimba mpata wotsala pakati pa cipupa ndi denga.

Matabwa atsopano ngodula, ndipo cifukwa cake sicibisika. Paini amene tigula m'misika monga wa Buseko mu Lusaka amatenga zaka zoposa 20 kuti akhwime m'minda ya mitengo, monga ya ZAFFICO ku Copperbelt. Mitengo yathu yacilengedwe nayo ikutha. Mukula unadulidwa kwambiri kotero kuti mu 2019 unalembedwa m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a mitengo ndi nyama zimene ziri pangozi. Tsono thabwa la mlombwa, umene ena acha mukwa, locokera pa citseko ca nyumba yogumulidwa ndi cuma ndithu. Linauma kale, ndipo silidzapindika kapena kung'aluka monga licitira thabwa laliwisi.

Koma si thabwa lakale lirilonse limene liyenera kulowa pakhomo, ndipo apa tipempha makolo kuti amvetsetse bwino. Mapaleti amene anyamulirapo katundu wocokera kunja amakhala ndi cidindo pambali. Cidindo ca HT citanthauza kuti thabwalo linangotenthedwa mpaka madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife. Limeneli ndi labwino. Cidindo ca MB cisonyeza kuti linafukizidwa ndi mankhwala a methyl bromide, ndipo ife tiona kuti nkwanzeru kulipewa, pamodzi ndi paleti iriyonse imene iri ndi mabanga a mafuta kapena a mankhwala. Mapolo akale a magetsi ndi mitanda ina ya njanji, yakuda ndi yonunkha phula, inanyikidwa mu creosote. Matabwa ooneka obiriwira pang'ono kawirikawiri ali ndi mankhwala a CCA, momwe muli arsenic. Zidutswa zake zisaponyedwe pa moto wophikira, pakuti utsi ndi phulusa lake ndi poizoni. Penti yakale nayo ingakhale ndi mtovu. Anthu a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, adziwa bwino cimene fumbi la mtovu licita m'magazi a ana. Musapale penti yotere pouma ana ali pafupi.

Tinenenso ici: paleti yopezeka kuseri kwa sitolo iri ndi mwini wake. Pemphani kapena gulani.

Mdani wamkulu wa nyumba ya matabwa ndi ciswe, ndipo bwenzi la ciswe ndi cinyezi. Cotero thabwa lisakhudze nthaka. Yambani ndi mizere itatu kapena inai ya njerwa zoocha, ndipo matabwa ayambire pamwamba pake, kuti njira ya dothi imene ciswe cimanga pokwera ioneke msanga ndi kuphwanyidwa. Pokhoma, yambirani pansi kupita kumwamba, thabwa lapamwamba liphimbe m'mphepete mwa lapansi ngati zala ziwiri, monga momwe makolo athu amayalira udzu pofolera. Madzi amatsetsereka osalowa. Malata atuluke kunja mokwanira kuti mvula ya mphepo isamenye cipupa. Thabwa lakale louma limang'ambika msanga, conco boolani kabowo musanakhome msomali pafupi ndi kumapeto. Pambali ya ziko kapena mbaula, cipupa cikhale ca njerwa. Paini wouma sacedwa kuyaka, ndipo m'makomboni mwathu nyumba ziri zoyandikana.

Timatabwa totsala, topyapyala ndi tatifupi, ndi timene timasangalatsa kwambiri. Tikhomeni mopingasa pa mizati iwiri kuti tikhale thandala loimirira, loyangapo mbeu. Pa puloti yaing'ono, mbeu yokwera m'mwamba ipatsa ndiwo popanda kulanda malo osewerera ana. Nyemba zoyanga, kamumpanda, nkhaka ndi cinkhupule zimakwera zokha. Matimati afunika kumangirira ndi kansalu kofewa. Zipatso zolendewera siziola msanga monga zogona pa dothi lonyowa. Thandala likaimikidwa kumadzulo kwa nyumba, masamba ake amachinga dzuwa la masana, ndipo cipinda cimazizirako m'miyezi yotentha. Lisiyeni patali pang'ono ndi cipupa kuti mphepo ipite. Anthu ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto pa mizati. Pa dimba la ndiwo ife sitivomereza, pakuti oyiloyo amatsikira m'nthaka. Kuli bwino kuwaula kunsi kwa mzati pa moto, ndi kuusintha ukaola.

Nchito yotere sifuna zida zambiri: hamala, sowo, cozulira misomali ndi cingwe coyezera. M'mphakati uliwonse simulephera kukhala mmisiri wa matabwa, wa nchito ya Yosefe Woyera, amene cikondwerero cake monga wanchito cinaikidwa pa 1 May ndi Papa Pius XII mu 1955. Mmisiri wotere angaonetse acinyamata mizere iwiri yoyamba, yotsalayo nkumaliza okha. Misomali yozulidwa itoledwe m'citini tsiku lomwelo, ana asanayambe kuthamanga pabwalo opanda nsapato.