Dzina likasowa m'kompyuta, feteleza wapita

Mvula zoyamba zikamayandikira, funso limene limamveka pa Msundwe, Namitete ngakhale ku Nsaru limakhala limodzi: kodi dzina langa latuluka?

Kale dzinalo linkatulukira pabwalo la mfumu. Boma litayamba ndondomeko ya makuponi mu 2005, anthu ankasonkhana n'kumamvera maina awo akuitanidwa kuchokera papepala. Koma mu 2020, pansi pa ndondomeko ya AIP, makuponi adasiyidwa. Mlimi ankapita kudepoti ndi chiphaso cha unzika, wogulitsa n'kuchiunika ndi foni, ndipo foniyo inkafunsa kaundula wa m'kompyuta ngati mwini chiphasocho ali pamndandanda. Akapezeka, ankagula thumba la makilogalamu 50 pa K4,495. Akasowa, ankabwerera chimanjamanja ngakhale mudzi wonse ukumudziwa.

Ziphasozi zidabwera mu 2017 pomwe bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo.

Kodi kuseri kwa kaundulayu kumachitika zotani? Kalaliki amene wapatsidwa mphamvu amalowamo ndi dzina lake komanso nambala yachinsinsi. Akalowa amatha kuona mndandanda wonse wa mudzi, kufufuza munthu mmodzi, kapena kukonza pamene padalakwika.

Kufufuzako ndiye pagona nkhani. Kompyuta sidziwa chibale, imangofananitsa zilembo. Mayi amene mudzi wonse umamuitana kuti Nabanda, koma pachiphaso padalembedwa dzina lake la ubatizo, sangapezeke ngati kalaliki walemba la mfundalo. Chimodzimodzi amene pena adalembetsa ndi dzina la mwamuna wake, pena la bambo ake. Ndipo mudzi umodzi utha kukhala ndi anthu angapo a dzina limodzi. N'chifukwa chake nambala ya chiphaso imaposa dzina, popeza anthu awiri sakhala ndi nambala yofanana.

Kukonza nako sikuchitika mwachisawawa. Kaundula wokonzedwa bwino salola aliyense kusintha zinthu, ndipo amasunga mbiri ya amene wasintha, tsiku lake ndi chimene chidalipo poyamba. Popanda zimenezi munthu wadyera atha kufufuta dzina la gogo wamasiye n'kuikapo la m'bale wake, wina osadziwa. Vuto lina ndi la anthu omwalira. Imfa ikapanda kulembetsedwa, kompyuta imamuwerengerabe malemuyo ngati wamoyo, ndipo apa ndi pamene akathyali amadyerapo.

Nkhani ya kaundula wa m'kompyuta si yachilendo m'midzi ya boma la Lilongwe. Mu 2013 bungwe la Baobab Health Trust lidaika kompyuta yodina ndi chala, yoyendera mphamvu ya dzuwa, m'mudzi mwa Chalasa kwa T/A Mtema kuti azilembamo anthu a m'mudzimo, ana obadwa ndi omwalira. Ntchitoyi idafalikira m'midzi ina ya deralo. Phunziro lake n'lakuti makina amakhala ndi zoona pokhapokha eni mudzi akamanena msanga za kubadwa, imfa ndi kusamuka.

Nanga mlimi achitenji? Ayang'anitsitse chiphaso chake, kapena apemphe mwana wa sukulu amuwerengere, kuti aone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili bwino. Polembetsa chilichonse, kaya ndi Mtukula Pakhomo kapena zipangizo zaulimi, atchule dzina monga lilili pachiphaso. Akapeza cholakwika akanene ku ofesi ya kalembera kwa DC nyengo ikadalipo, osadikira tsiku logula. Ndipo asamasiye chiphaso m'manja mwa mavenda kapena munthu wina aliyense, chifukwa kaundula akangolemba kuti wagula kale, mlandu wake ndi wovuta kuwina.

Safunsa adadya phula. Chilembo chimodzi cholakwika mu Okutobala chitha kusanduka nkhokwe yopanda kanthu mu Febuluwale.