Ulendo wa kunyanja ndi ana: aliyense ankayesa kuti ali ndi mnzake

Mawu a lero: Luka 2:41-52

Mwezi wa Ogasiti ukafika, ana atatsekera sukulu, chimanga ndi soya zitagulitsidwa, mabanja ena kuno ku Lundazi amaganiza zotenga ana kuti akaone nyanja ya Malawi. Akhristu ena atifunsa kuti: kodi kumeneko si kutaya ndalama? Lero tiyankhe funsoli, ndipo tionenso udindo umene kholo limasenza likanyamuka ndi ana ulendo wotere.

Kupuma si tchimo. Mulungu mwini anaika tsiku lopuma, ndipo pa Marko 6:31-32 timawerenga kuti Yesu anatenga ophunzira ake otopa n'kupita nawo kwaokha pa ngalawa kuti akapumeko. Choipa n'kudya ndalama ya feteleza kapena ya zofunika za kusukulu chifukwa chofuna kuoneka. Banja likakonza zimenezi n'kutsalako pang'ono, lipite ndi mtima woyera.

Ife tinaphunzitsa za nyanjayi zaka zambiri tisanaione ndi maso. Tinkaijambula pa bolodi ndi choko, n'kumauza ana kuti kutalika kwake kumapitirira makilomita 500, ndipo pena imazama mamita 700. Ana ankalemba m'makope, koma m'mutu mwawo ankaona damu lomwera ng'ombe. Mwana amene waima pamchenga, n'kuyang'ana madzi osaoneka tsidya, wamva za ukulu wa Mlengi kuposa mmene ulaliki wathu ungamufotokozere.

Njira yake si yayitali monga ena amaganizira. Kuchoka pa boma timadutsa pa chipata cha Lusuntha n'kulowa m'Malawi pa Mqocha, kenaka kufika pa Jenda pa msewu waukulu wa M1. Wofuna Nkhata Bay amalowera kumpoto kudzera ku Mzuzu. Wofuna Nkhotakota amatsikira ku Kasungu n'kukhotera kum'mawa. Ngakhale timalankhula zinenero zimodzi ndi a tsidyalo, ndipo ambiri tili ndi achibale kumeneko, ndi dziko lina. Mwana aliyense akhale ndi chikalata chake chodutsira malire. Funsani ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka masiku akadalipo, ndipo musadzere njira zamadulira. Kwacha yathu ndi kwacha yawo ndi ndalama ziwiri zosiyana, choncho dziwani mtengo wake musanasinthe.

Kwa ife a Anglican, nyanjayi ndi kumudzi kwa chikhulupiriro chathu. Pa chilumba cha Likoma pali tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera chimene anayamba kumanga mu 1903. Ku Nkhotakota kuli tchalitchi cha Oyera Mtima Onse. Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa Chichewa wobadwira kufupi ndi Nkhotakota, ndiwo anabweretsa Uthenga ku Msoro mu 1910, namwalira komweko mu 1913. Mukafika ndi ana kunyanja, auzeni zimenezi. Adziwe kuti mapemphero amene timanena Lamulungu lililonse anayenda pansi kuchokera kugombe limenelo.

Tsopano tibwere ku mawu athu. Yosefe ndi Mariya anapita ku Yerusalemu ndi Yesu ali ndi zaka 12. Pobwerera anayenda tsiku lathunthu osadziwa kuti mwana watsalira. Sanali makolo osasamala ayi. Anali m'gulu la abale ndi anansi, ndipo ankayesa kuti mwanayo ali pakati pa anzawo a paulendo. Anam'peza patapita masiku atatu. Ku Yerusalemu mwana wosowa anapezeka m'Kachisi ali bwino. Madzi alibe masiku atatu. Mphindi zochepa zimakwana.

Zotere zinationekera ifenso. Tinapita mabanja awiri, akulu asanu ndi ana asanu ndi awiri. Amayi ankakonza nsima, abambo tinkatsutsana mtengo wa chambo ndi asodzi. Pogawa chakudya mbale imodzi inasowa mwini. Mdzukulu wathu wa zaka 6 panalibe. Agogo ake ankayesa ali ndi ife, ife tinkayesa ali ndi mlongo wake. Tinathamanga m'mphepete mwa madzi tikuitana dzina lake, miyendo ili njenjenje. Tinam'peza kuseri kwa matandala oyanikapo usipa, atakhala phee, akuonerera mnyamata wosoka ukonde. Tsiku limenelo nsima sinatsike bwino. Munthu amene anaitana maina m'kaundula m'mawa uliwonse kwa zaka zonse za uphunzitsi analephera kuwerenga ana asanu ndi awiri.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu ndi woona. Koma pagombe ungatipusitse, chifukwa mwana woyang'aniridwa ndi aliyense sayang'aniridwa ndi munthu. Choncho ana akamalowa m'madzi, tchulani dzina la munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ikhale kuwayang'ana basi, wosagwira foni, wosaphika, wosalawa mowa. Akatopa apatse mnzake udindowo ndi pakamwa, mnzakeyo avomere. Musadalire kumva kukuwa: mwana womira nthawi zambiri sakuwa, pakuti mpweya wonse ukuthera pofuna kupuma. Ana athu anazolowera mitsinje imene imaphwa m'chilimwe, sadziwa kuti pansi pa nyanja pamatha kutsetsereka mwadzidzidzi.

Dziwaninso kuti miyezi yozizira, Ogasiti yemwe, ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imautsa mafunde aakulu. Mu Seputembala 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamene ngalawa yawo inagubuduzika ndi namondwe, ali paulendo wopita ku Likoma. Manda awo ali ku Nkhotakota. Anali munthu wodziwa nyanjayi zaka zambiri. Nanga ife alendo? Asodzi akati lero sitilowa, inunso musalowe. Musakweze ana m'bwato lodzaza kapena lopanda majekete oyandamitsa. Safunsa anadya phula: funsani eni dera malo osambira, chifukwa kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu. M'madzi odekha a m'mabango mulinso nkhono zofalitsa likodzo. Mwana akayamba kukodza magazi mutabwerako, ngakhale patapita milungu, pitani naye kuchipatala mukanene kuti anasamba kunyanja. Mankhwala ake alipo. Ndipo neti yotchinga udzudzu isatsale kunyumba.

Luka akutiuza kuti banja loyera lija linabwerera lonse ku Nazarete, ndipo Mariya anasunga zonsezi mumtima. Ulendo wabwino ndi umenewo: onse amene ananyamuka abwerere, ali ndi zoti azikumbukira. Mdzukulu wathu uja lero sakamba za mantha athu. Amakamba za ukonde, ndipo akamva za Petro ndi Andreya m'Sande sukulu amakweza dzanja kuti iye asodzi anawaona.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, amene munasonkhanitsa madzi pamalo pake, sungani mabanja onse amene ali paulendo nyengo ino. Tipatseni maso ogalamuka pa ana amene munatibwereka, ndipo mutibwezere kwathu tonse amoyo. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.