Sowo ya Magetsi Yoyenela Kudula Makona

Akalipentala a ku Kalingalinga, amene amagulitsa mipando, zitseko ndi makabati m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, amadziwa kuti wogula amayamba kuyang'ana pa makona. Felemu ya makona anai imadulidwa kasanu ndi katatu pa madigili 45. Sowo ikaphonya digili imodzi nthawi iliyonse, kuphonyako kumafika madigili 8, ndipo thabwa la mukwa limaonongeka.

Pa nchito imeneyi, sowo yochedwa mitre saw imaposa ya m'manja, cifukwa mpeni wake umamangika pa digili imene mwasankha. Mpeni wa mamilimita 254 wa mano 60 mpaka 80 umadula mosalala, koma wa mano 24 umang'amba m'mphepete.

Musanalipile, dulani timatabwa tiwili pa madigili 45, mutilumikize, ndipo muyese ndi sikweya. Ngati mpata utsala ngakhale mutaikonza sowoyo, isiyeni.

Ganizilaninso za magetsi. M'cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi maola ambili patsiku. Sowo zambili zotele zimafuna mawati 1,500 mpaka 1,800, ndipo zimakoka oculukilapo poyamba kuzungulila, conco jeneleta yaing'ono siingakwanitse.