Dziwani kulira kwa sailini

Alimi anzanga a kuno ku Nkhunga, akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mu February 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira n'kuononga nyumba ndi minda yambiri. N'chifukwa chake lero ndati tikambirane za sailini, chida chochenjeza anthu pangozi.

Sailini ya mota imayamba ndi mau otsika, n'kumakwera. Akaizimitsa imaleka pang'onopang'ono poti chozungulira cha m'kati mwake sichiima msanga. Yopukusa ndi dzanja siifuna magetsi, ndipo mau ake amakwera ndi kutsika malinga ndi mphamvu za wopukusayo. Ya chimkuzamau imayamba ndi kuleka mwadzidzidzi, mwinanso munthu amalankhuliramo. Mukamva mau akuyenda ndi mseu, imeneyo ndi ambulansi kapena galimoto ya polisi.

Langizo langa ndi lakuti mvula isanayambe, khalani pansi ndi amfumu pamodzi ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi, mugwirizane kulira kumene kukutanthauza madzi. Kumene kulibe sailini, wezulo, ng'oma kapena belu la tchalitchi zingathandize.

Mukangomva, thawirani kumtunda ndi ana. Musabwerere thumba la feteleza.