Thukuta Si Madzi Okha

Mwezi wa October umatipeza pa nchito yolemetsa koposa: kukumba maenje obzalamo cimanga m'nthaka youma gwaa, kututa manyowa, kuthirira dimba. Ndiwonso mwezi wotentha koposa pa caka, moti ku cigwa ca Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu wogwira khasu pa dzuwa lotere angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, mwinanso kuposa apo. Tonse timadziwa kuti madziwo ayenera kubwezeredwa. Cimene ambiri timaiwala ndi mizere yoyera ija imatsala kumsana kwa shati ikauma. Umenewo ndi mcere wocoka m'thupi.

Inu amene munaphunzira kuwerenga thumba la feteleza simudzavutika kuimva nkhaniyi. Pa thumba la D Compound pamalembedwa 10-20-10, ndipo nambala yotsirizayo ndi ya potassium. Cimanga cosowa potassium cimapsa m'mbali mwa masamba, phesi lake limagwa msanga, ngakhale mucithirire motani. Thupi la munthu nalonso silikhuta madzi okha. Limafuna sodium, potassium, calcium ndi magnesium, micere imene madokotala amaicha ma electrolyte. Ikasungunuka m'magazi ndiyo imathandiza mitsempha kutumiza uthenga, ndi minofu kukoka ndi kumasuka, kuphatikizapo mtima weniweniwo. Madzi ndi micereyi zikacepa, mlimi amayamba kumva mutu, cizungulire, kulefuka ndi kukokana kwa miyendo, iye n'kumaganiza kuti ndi malungo.

Mcere umene timataya kwambiri ndi sodium, uja wa m'ndiwo. Lita imodzi ya thukuta imatenga pafupifupi magalamu 2 kapena 3. Komatu sitikunena kuti muzinyambita mcere kumunda. Kwa ambiri a ife cakudya ca masiku onse cimakwanira, malinga ngati tadyadi. Vuto ndi cizolowezi colawirira kumunda opanda kanthu m'mimba, n'kumangomwa madzi mpaka dzuwa kupendeka. Nsima ya ndiwo zothira mcere woyenera imabwezera sodium. Potassium ali m'zimene timalima tokha: nthoci, kandolo, nyemba, nshawa, cibwabwa, bondwe, ngakhale malambe amene ana amatola. Thobwa kapena maheu osasasa, ofulula ndi madzi abwino, amapatsa madzi ndi mphamvu pamodzi. Sitiona cifukwa coti mlimi awononge ndalama pa zakumwa za m'mabotolo zodzaza shuga. Mowa ndiye umaonjeza kukodza, motero umaumitsa thupi limene likufuna madzi.

Kamwedwe kake ndi ka pang'onopang'ono: kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osadikira ludzu, osatinso kugugudiza cigubu conse nthawi imodzi. Mkodzo ndiwo mboni. Ukakhala woyererako, zili bwino. Ukakhala wocepa ndi wacikasu coderako, impso zikuvutika. Nkhani ya impsoyi si yaing'ono. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador amuna ambiri odula nzimbe amwalira ndi matenda a impso akadali a mphamvu zao, ndipo ofufuza amati kugwira nchito pa dzuwa tsiku ndi tsiku ndi thupi louma ndi cimodzi mwa zoyambitsa zake zazikulu.

Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumacotsa madzi ndi micere mofulumira kuposa thukuta, ndipo pamenepa cakudya cokha sicikwanira. Pafunika ORS, timapaketi tija ta ku kiliniki. Tikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni aang'ono 6 a shuga osefa bwino, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Shugayo si wokometsera: m'matumbo, shuga ndi sodium zimalowera pamodzi m'magazi, ndipo madzi amazitsatira. Mu 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, Dr Dilip Mahalanabis anamwetsa madzi otere othawa nkhondo odwala kolera ku Bangaon, m'dziko la India, pamene madiripi anali atasowa. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 kufika pa osakwana 4. Muyezo wake usamaphonyedwe, pakuti mcere ukacuruka umavulaza, makamaka ana. Oweta ng'ombe akudziwa kuti thole lotsegula m'mimba timalipulumutsa mwa njira yofananayo.

Amene ali ndi BP, matenda a shuga, a mtima kapena a impso asaonjezere mcere kapena shuga asanafunse ku kiliniki. Ndipo mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka pa dzuwa, imeneyo si nkhani ya kapu ya madzi. Mugonekeni pamthunzi, mummasule zobvala, mumthire madzi thupi lonse uku mukumkupiza, ndipo muthamange naye ku cipatala. Ngati sakuzindikira bwino, musammwetse kanthu, angatsamwe.